Uthenga wa kusintha kwa nyengo pa kampu ina ku Kasenengwa: zomwe zinakanika mu 2023 ndi zomwe zinakonzedwa

Lipotili likufotokoza za ntchito yofalitsa uthenga wa kusintha kwa nyengo pa kampu ina ya zaulimi (dera la mlangizi mmodzi) m'boma la Kasenengwa, kumadzulo kwa Chipata ku Zambia, kuyambira ulimi wa 2023/24 mpaka kukolola kwa 2025. Pa kampuyi pali midzi ya Angoni ndi ya Achewa. Mabanja ambiri amalima hekitala imodzi kapena ziwiri za chimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa, ena ali ndi madimba m'madambo. Chaka chikayenda bwino, derali limalandira mvula ya mamilimita 800 mpaka 1,000. Ntchitoyi anaigwira ndi mlangizi wa kampu, alimi otsogolera ndi anthu a bungwe lina lothandiza alimi. Mayina a midzi ndi a anthu tawasiya dala.

Chilala cha 2024

Uthenga wa El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno, unafika pa kampuyi mvula isanayambe. Tiyambire pamenepa, chifukwa chilala chitachitika kunamveka mawu akuti alimi sanauzidwe. A zanyengo a boma, a Zambia Meteorological Department, analengeza kuti madera ambiri adzalandira mvula yapakatikati kapena yoperewera, nkhaniyo inamveka pa mawailesi, ndipo pabwalo la sukulu panachitika msonkhano waukulu kumayambiriro kwa Novembala 2023. Anthu anabwera ambiri, anaomba m'manja, nabwerera kukabzala mbewu yomwe anabzala chaka chinacho, pa mizere yomwe ija.

Mvula inadula chakumapeto kwa Januwale 2024, chimanga chikuyamba kutulutsa ngayaye, ndipo ng'ambayo inatenga milungu isanu ndi kupitirira. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka la chilala. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni a chimanga chobzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Pa kampuyi chimanga chokhwima mochedwa chinapsa chisanabereke, pomwe nkhokwe zambiri zinali zitapepuka kale chifukwa chimanga cha 2023 anali atagulitsa.

Pofufuza chomwe chinalakwika, ogwira ntchito anayenda m'mabanja kufunsa funso limodzi: mutamva za El Niño, munasintha chiyani? Ambiri ankakumbukira bwinobwino zomwe zinanenedwa kusukulu kuja. Osintha kanthu anali owerengeka.

Vuto lalikulu linali la nthawi. Mlimi wa kuno amagwira ndalama pakati pa Meyi ndi Ogasiti, akagulitsa soya, nshawa ndi chimanga. Pofika Okutobala mbewu wagula kale, kapena walembetsa ku kopaletivu kudikira ya FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi mbewu ndi fataleza, ndipo munda waugawa kale mumtima. Kumuuza mu Novembala kuti agule mbewu yocha msanga ndi kumuuza chinthu chomwe sangathenso kuchita. Dothi nalo pa nthawiyo lauma gwa, moti malangizo okumba maenje obzalamo mbewu amangopita ndi mphepo.

Zolankhulidwa zake nazo zinali zolemera mbali imodzi. Nthawi yambiri ya msonkhano inathera pa kufotokoza za mpweya wotenthetsa dziko, ndi chithunzi cha madzi oundana akusungunuka kumayiko akutali. Zoti mlimi achite zinabwera kumapeto anthu atatopa ndi dzuwa, ndipo zinali ziganizo ziwiri: bzalani mbewu zocha msanga, lekani kudula mitengo. Chiganizo chachiwirichi chinatseka makutu a amuna ambiri. Owotcha malasha anali pomwepo, ndipo anamva ngati akuimbidwa mlandu wothamangitsa mvula pamaso pa mudzi wonse. Komanso mlanduwo si woona momwe unanenedwera. Africa yense amatulutsa gawo losakwana 4 pa 100 la mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mafuta ndi mafakitale padziko lonse. Kudula mitengo kumaumitsa mitsinje ya pano ndi kukokolola nthaka ya pano, ndipo zimenezo nzokwanira kuzinena, koma munthu wa ng'anjo imodzi ya malasha si amene anabweretsa El Niño.

Chomaliza, obwera pamsonkhanowo anali makamaka amuna olembedwa m'makopaletivu. Amayi, omwe amasunga mbewu ya nshawa, nyemba ndi mbewu ya kandolo, anatsala kunyumba.

Kalendala yatsopano

Kuyambira pokolola mu 2024, msonkhano waukulu umodzi uja unathetsedwa. M'malo mwake panaikidwa makumano atatu a magulu ang'onoang'ono, mabanja 15 mpaka 20, pamunda wa mlimi wotsogolera. Loyamba ndi la pokolola, ndipo nkhani yake ndi chakudya chosunga ndi mapesi. Lachiwiri ndi la mu Ogasiti, ndalama zikadali m'manja, lokambirana kagawidwe ka munda. Lachitatu limadikira kuti ulosi wa mvula wa chaka utuluke, ndipo ntchito yake nkungowongola zomwe banja linasankha kale. Mwamuna ndi mkazi amaitanidwa onse, ndipo nthawi yake ndi masana amayi atatha zapakhomo. Zoitanira zimadutsa kwa anyakwawa ndi pa zolengeza za kutchalitchi, ku Reformed Church in Zambia (RCZ) ndi m'miphakati ya Akatolika.

Pa kukumana kwa pokolola banja limawerengera lokha. Ngati pakhomo pamatha matumba awiri a makilogalamu 50 pamwezi, ndiye kuti matumba 24 sagulitsidwa, ndipo ulosi ukadzaipa pakhale enanso apadera. Chiwerengero chotere anthu amachigwira msanga kuposa chenjezo lililonse la njala.

Kuyamba ndi zomwe akudziwa

Palibe kukumana komwe kumayamba ndi mlangizi kuphunzitsa. Amajambula mzere pansi, akuluakulu naika miyala pa zaka zomwe akukumbukira. Mwala woyamba pafupifupi nthawi zonse umagwera pa 1992, chaka cha chimanga chachikasu cha thandizo. Kenako 2002, 2016, mbozi za fall armyworm zomwe zinalowa m'dziko kumapeto kwa 2016, ndi 2024. Ena amatchula namondwe Freddy, amene anasakaza kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, popeza ambiri ali ndi abale kutsidyako. Nkhalamba zimanena kuti kale chikondwerero cha ufulu pa 24 Okutobala chinkabwera ndi mvula, ndipo chizimalupsa chinkadziwika nthawi yake. Miyala ikaikidwa, gulu limadzionera lokha kuti yayandikana chakumapeto kwa mzere.

Apa mpamene mlangizi amalankhula za sayansi, osapitirira mphindi zisanu. El Niño ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumabwera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kunalipo kuyambira kale. Chatsopano nchakuti dziko lonse latentha chifukwa cha utsi wa mafuta ndi malasha a miyala, motero ng'amba yomwe kale chimanga chikanaipirira lero ikuumitsa dothi msanga. Zinthu ziwirizi siziyenera kusakanizidwa. Mlangizi akanena kuti chilala chilichonse ndi kusintha kwa nyengo, chaka cha mvula yambiri chikadzafika anthu adzati nkhani ija yatha.

Amene amati chilala ndi chifuniro cha Mulungu satsutsidwa, ndipo zizindikiro za makolo, monga kubereka kwambiri kwa mango kapena kumene mphepo ikuchokera, zimalembedwa pambali pa ulosi wa a zanyengo kuti zonse zidzayesedwe mu Epulo. Pamene ogwira ntchito salekerera mpamene wina ayamba kuloza nkhalamba kuti yamanga mvula. Nkhani yotere imapita kwa anyakwawa tsiku lomwelo.

Njere makumi awiri m'mbale

Ulosi wa chaka ndi wovuta kuufotokoza chifukwa sunena chomwe chidzachitike, umanena mwayi. Pa mapu a ulosi a kuno kummwera kwa Africa, dera lomwe lalembedwa kuti mvula yapakatikati kapena yoperewera nthawi zambiri limakhala ndi mwayi wa 40 pa 100 wa mvula yapakatikati, 35 wa yoperewera ndi 25 wa yochuluka. Pa kampuyi manambalawa amasandutsidwa njere: zachimanga 8 kuimira chaka chapakatikati, zanyemba zofiira 7 kuimira choperewera, zasoya 5 kuimira chochuluka. Zonse zimalowa m'mbale, munthu natola imodzi atatsinzina, naibwezera, wina natolanso. Pakatha anthu khumi, aliyense waona kuti yofiira imatuluka kawirikawiri koma osati nthawi zonse, ndi kuti yasoya nayo ilimo.

Kenako pamabwera funso lomwe ndilo mtima wa ntchito yonseyi: munda wanu muugawa bwanji kuti njere iliyonse ikatuluka mudye? Mlangizi amaonjezera chenjezo limodzi, kuti ulosiwu ukunena za mvula yonse ya miyezi itatu pamodzi. Mvula ikhoza kukwana pa chiwerengero koma nkudula milungu itatu chimanga chili pa ndevu, mbewu nkuonongeka.

Chitsanzo chomwe chimajambulidwa ndi cha hekitala imodzi, ndiye kuti malima anayi. Alimi amadziwa mbewu ya chimanga ya kampani ya Seed Co ndi nyama yapathumba, kalulu, nyani, mbidzi, mkango ndi njovu, kuyambira yocha msanga mpaka yochedwa, ndipo alangizi amagwiritsa ntchito mayina omwewo ngakhale pokamba za mbewu ya makampani ena. Ya nyani imakhwima pa miyezi pafupifupi inayi, ya njovu imafuna isanu. Lima imodzi ipite ku yocha msanga, ina ku yapakati kapena yochedwa, yachitatu ku nshawa, yachinayi igawidwe pakati pa nyemba, mpendadzuwa ndi kandolo. Pa nshawa, mitundu yochokera ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera monga MGV 4 ndi MGV 5 ndi yodziwika kale kuno. Palibe amene amauzidwa kuti asiye njovu. Mbewu yochedwa imabereka kwambiri mvula ikakwana, alimi amadziwa zimenezo, ndipo mlangizi wobisa mfundoyi amataya chikhulupiriro chawo.

Pomaliza banja lililonse limatchula chinthu chimodzi chomwe lichite, amene achite, ndi tsiku lake. Mlimi wotsogolera amalemba m'kope, nadzayendera pakatha milungu iwiri. Chinthu chimodzi, osati zisanu.

Gamphani ndi pomwe amagwera

Chomwe mabanja ambiri anasankha mu 2024 chinali gamphani, ulimi wobzala m'maenje osagalauza munda, popeza pa chilala chija minda ya maenje ndi yomwe inakhala yobiriwira nthawi yaitali, ndipo aliyense anaiona ndi maso podutsa. Muyeso womwe a bungwe la Conservation Farming Unit akhala akuphunzitsa ndi dzenje la masentimita 30 mulitali, 15 mulifupi, 20 kuya, mizere kutalikirana masentimita 90 ndi maenje 70 mumzere. Pa lima imodzi pamalowa maenje pafupifupi 4,000. Wokumba 50 patsiku afunika masiku 80. Nchifukwa chake uthenga wa gamphani umaperekedwa pokolola dothi likadali lofewa, ndipo woyamba kumene amalangizidwa theka la lima basi. Amene anayamba ndi hekitala yonse mu Sepitembala anasiyira panjira, nauza anzawo kuti ulimiwu ndi wopha anthu.

Zolakwika zimabwerezabwereza. Dzenje losafika masentimita 20 siliboola dothi lolimba lomwe lili pansi pa mizere yakale, motero mizu imapindika ndipo phindu silioneka. Ena amathira manyowa osakwirira, mbewu nkukhudzana nawo nkupsa. Manyowa aikidwe pansi, dothi libwezeredwe mpaka dzenje litsale masentimita pafupifupi 5, ndipo njere zinayi zitandidwe mulitali mwa dzenje, osati kuunjika pamodzi. Pa dothi la makande ndi m'mphepete mwa dambo maenje amasunga madzi mopitirira, chimanga nkusanduka chachikasu. Walira mvula walira matope, koma mlangizi ayenera kunena zimenezi maenje asanakumbidwe, ndi kuuza mwini munda wotere kuti iye apitirize mizere.

Udzu ndi nkhani yomwe uthenga wakale unkailumpha. Munda wosagalauzidwa umamera udzu wambiri zaka zoyamba, ndipo opalira ambiri ndi amayi. Amayi akakhalapo pokambirana, funsoli limatuluka lokha ndipo kukula kwa gawo la gamphani kumatsika kufika pomwe banja lingakwanitse. Ogwiritsa ntchito mankhwala opha udzu a glyphosate amakumbutsidwa kupopera mbewu isanamere, ndi kusungunula ndi madzi oyera, chifukwa madzi amatope a m'dambo amapha mphamvu ya mankhwalawo.

Mapesi ndi nkhani ya mudzi wonse. Mlimi akhoza kuwasiya m'munda, koma ng'ombe zikamasulidwa pambuyo pokolola zimadya, ndipo otsala amapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Kuuza banja limodzi kuti lisunge mapesi nkungolivutitsa. M'midzi momwe zinayenda, anyakwawa ndi nduna zawo anakhazikitsa tsiku lomasulira ng'ombe ndi chindapusa cha woyatsa lupsa, eni ng'ombe naloledwa kututa gawo la mapesi pa chikochikale kukasungira ziweto zawo. Komwe anyakwawa sanaitanidwe poyamba, lamulo silinagwire.

Choyezera mvula ndi uthenga wa mphindi imodzi

Mudzi uliwonse wa mlimi wotsogolera unalandira choyezera mvula cha pulasitiki. Chimakhomedwa pamtengo wowongoka pamalo a poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, chimawerengedwa 8 koloko m'mawa, nkukhuthulidwa. Kuiwala kukhuthula ndi kulola ana kuseweretsa ndi zomwe zimaononga kaundula kawirikawiri. Gulu linagwirizana kuti mvula yobzalira ndi ya mamilimita 25 kapena kuposa pa masiku awiri kapena atatu, pakati pa Novembala patadutsa, ndipo ulosi wa mlungu usakuonetsa dzuwa lokhalokha.

Mlangizi amatenga ulosi wa masiku ochepa wa a zanyengo, nauphatikiza ndi zomwe choyezera chaonetsa, natumiza mawu pa WhatsApp kwa alimi otsogolera. Popeza ambiri ali ndi mafoni ang'onoang'ono opanda intaneti, wotsogolera amaulizira anthu pachigayo, pamjigo ndi pamsonkhano wa gulu losunga ndalama. Uthengawo sudutsa mphindi imodzi, ndipo umamveka motere:

"Zikomo makolo athu, amayi ndi abambo. Choyezera cha kwa amfumu chaonetsa mamilimita 9 usiku wathawu, ndipo a zanyengo akuti masiku asanu akubwerawa kukhala dzuwa. Imeneyi si mvula yobzalira, mbewu isatuluke m'nyumba. Amene simunamalize kukwirira manyowa m'maenje, ntchito ya mlungu uno ndi imeneyo. Tidzalankhulanso Loweruka."

Muli nambala yomwe mwini mudzi angakaione yekha, muli choti achite ndi choti asachite, ndi tsiku lomwe adzamvenso. Ulosi ukalephera, uthenga wotsatira umayamba ndi kunena kuti mvula yomwe inayembekezeka sinabwere. Mapulogalamu a pawailesi monga Farm Talk ya bungwe la COMACO pa Breeze FM amathandiza kuti nkhani isakhale yachilendo, koma wailesi singadziwe mamilimita a mudzi wakutiwakuti.

Mitengo

Nkhani ya mitengo inachotsedwa pa mlandu nkupita pa phindu. Gliricidia amakambidwa ngati fataleza wa masamba ndi nkhuni za pafupi, ndipo amanenedwa poyera kuti phindu lake limayamba pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Msangu, wobzalidwa motalikirana mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala, umagwetsa masamba nthawi ya dzinja ndipo suphimba chimanga, koma umatenga zaka zambiri. M'midzi ya Achewa momwe mwamuna ndi mkamwini, woyenera kukambirana naye za msangu ndi mkazi ndi atsibweni ake, chifukwa munda ndi wa kuchikazi. Izi zinadziwika mochedwa, mbande zina zitaumira kale pakhomo. Za malasha, 2024 inali chaka choipa kuzikamba: madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba magetsi ankazima maola ambiri patsiku, malasha ankafunidwa kwambiri m'tauni ya Chipata, ndipo m'midzi munalibe chakudya. Ogwira ntchito anangolimbikira pa kuteteza mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi kusiya zitsa kuti ziphukire.

Chaka cha mvula chitabwera

Mwezi wa Disembala 2024 unayamba ndi kutentha ndi ng'amba, ndipo lamulo la mamilimita 25 linapulumutsa mbewu ya amene analitsatira, pomwe obzalira mvula yoyamba ena anabzala kawiri. Kuchokera mu Januwale mvula inagwa bwino. Dziko linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni mu 2025, kuchokera pa pafupifupi 1.5 miliyoni mu 2024. Pa kampuyi amene anadzaza munda ndi mbewu yochedwa anakolola kuposa amene anagawa munda, ndipo sanabise kunyada kwawo.

Uku ndiye kunali kuyesedwa kwenikweni kwa uthengawu. Ukanakhala woopseza kuti chilala chikubweranso, alangizi akanasanduka abodza. Pa kukumana kwa pokolola mbale ija inatulutsidwanso, gulu nilivomereza kuti chaka chino kwatuluka njere yabwino, ndipo lima ya mbewu yocha msanga inawerengedwa poyera: yachepetsa matumba angati, ndipo banjalo linayamba kudya chimanga chatsopano liti poyerekeza ndi anzawo. Mabanja omwe analowa m'chaka nkhokwe ili mbee anati kudya msanga kuja kunawachotsa pa ganyu nthawi yopalira. Ena anabwerera ku njovu yokhayokha, ndipo m'kope analembedwa motero popanda kuwanyoza. Gamphani anapitirira makamaka pa minda ya dothi lamchenga ndi pa mabanja opanda ng'ombe, omwe kale ankachedwa kubzala podikira pulawo ya eni ake.

Zomwe zatsala zosakonzeka si za kalankhulidwe. Mbewu ya nyemba ndi ya chimanga chocha msanga m'mapaketi ang'onoang'ono imasowa m'masitolo apafupi pa nthawi yomwe uthenga wadzutsa chidwi, motero alimi otsogolera ayamba kusonkhanitsa mayina ndi makilogalamu mu Ogasiti nkukapereka kwa ogulitsa ku Chipata. Magulu ena osunga ndalama akukambirana zosuntha tsiku logawana kuti lifike mu Sepitembala, mbewu isanagulidwe. Kukumana kwa pokolola nako kwapezeka kuti kumachedwa, chifukwa ogula oyenda ndi sikelo amafika m'midzi soya akangouma, banja lisanawerengere matumba ake. Tsopano kwaikidwa kumapeto kwa Epulo.